Phunziro: Magalimoto amphamvu a ku America, akale ndi amakono

Ophunzira anga, tsekani mabuku, tsegulani makope. Lero tiphunzira za injini kudzera mu mkangano umene okonda magalimoto ku America akhala nawo kwa zaka zambiri, ndipo sukuoneka kuti utha msanga. Kumeneko kuli mtundu wa magalimoto umene eni ake amautcha muscle car, ndipo anthu ougomera agawikana pawiri. Ena, makamaka madoda a imvi, amati galimoto yeniyeni inasiya kupangidwa cha m'ma 1971, zimene zikutuluka m'fakitale masiku anozi zilibe moyo. Anzawo amayankha kuti akalewo amangokoma m'maso, koma pa msewu sangapikisane ngakhale ndi galimoto imene mayi amaperekezera ana ku sukulu. Mbali iliyonse imabwera ndi manambala ake. Ndikufuna muphunzire kufunsa kumene manambalawo achokera, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepo.

Choyamba tidziwe chimene akukanganirana. Nzeru yake inali yosavuta. Tenga injini ya masilinda 8 imene inapangidwira chigalimoto chachikulu ndi cholemera, uiike m'galimoto yapakatikati ya zitseko ziwiri, mphamvu izipita ku matayala a kumbuyo, ndipo mtengo ukhale woti mnyamata wongoyamba kumene ntchito aukwanitse. Lembani zimenezo. Za mtengozo muzichonge ndi mzere kunsi, chifukwa ndi zimene okangana ambiri amaziiwala, ndipo tizipezanso kutsogolo.

Ambiri amagwirizana kuti zinayambira ku Pontiac, nthambi ya kampani ya General Motors. Mu 1963 akuluakulu a kampaniyo analetsa nthambi zawo zonse kulowa m'mipikisano, ndipo panalinso lamulo loti galimoto yapakatikati isaikidwe injini yoposa malita 5.4. John DeLorean ndi mainjiniya anzake, Bill Collins ndi Russ Gee, anapeza polowera. Lamulolo linkanena za injini imene galimoto imabwera nayo, silinkanena za imene wogula angasankhe yekha powonjezera ndalama. Anatenga Tempest, galimoto ya banja yopanda chodabwitsa chilichonse, n'kulola wogula kusankha injini ya malita 6.4 ya 325 horsepower. Anaitcha GTO, dzina lobwereka kwa Ferrari ya ku Italy. Ankayembekezera kugulitsa 5,000, koma ya 1964 yokha inagulidwa kuposa 32,000.

Anthu anaithamangira chifukwa nthawi inali itakwana. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, ku America kunabadwa ana ambiri zedi, ndipo pofika 1964 oyamba mwa iwo anali atafika msinkhu wotenga laisensi. Ntchito m'mafakitale zinalipo. Kuyambira 1956 boma linkamanga misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse. Petulo ankagulidwa masenti pafupifupi 30 pa galoni, ndipo galoni yawo ndi malita 3.8. Mu April 1964 Ford inatulutsa Mustang n'kugulitsa oposa 400,000 m'miyezi 12 yoyamba. Chevrolet inayankha ndi Camaro ya 1967. Akatswiri ena amati ziwirizi n'zocheperako thupi ndipo zili m'gulu lina, koma pa mkangano wathuwu zimawerengedwa limodzi ndi zinzake.

Imene ine ndimaiona kuti inagwira mfundo yonse ndi Plymouth Road Runner ya 1968. Anaichotsa zokometsera: mpando wa kutsogolo unali benchi, pansi anayala mphira m'malo mwa kapeti, ndalama zonse zinapita ku injini ya malita 6.3 ya 335 horsepower, ndipo mtengo sunafike madola 3,000. Pofika 1970 zinthu zinafika pachimake. Chevrolet Chevelle SS inkapezeka ndi injini ya malita 7.4 yolembedwa 450 horsepower. Dodge Challenger ndi Plymouth Barracuda zinkapezeka ndi injini yotchuka ya Hemi, ya malita 7, yolembedwa 425. Usiku achinyamata a ku Detroit ankadzaza msewu wa Woodward Avenue n'kumathamangitsana kuchoka pa maloboti ena kukafika pa ena. Muyeso umene ankalemekeza, ndipo amaulemekezabe, ndi kota ya mailo imodzi, mamita 402, kuyambira galimoto itaima. Amphamvu kwambiri a nthawi imeneyo ankamaliza mtundawo m'masekondi 13 kapena 14.

Zonsezi zinazilala m'zaka zinayi zokha. Makampani a inshuwalansi ataona kuchuluka kwa ngozi anakweza malipiro a achinyamata oyendetsa magalimotowa mpaka ambiri analephera. Mizinda ngati Los Angeles inkakutidwa ndi utsi wowawa m'maso, ndipo mu 1970 boma linakhwimitsa lamulo loteteza mpweya. Apa tcherani khutu, chifukwa ndi phunziro la injini lenileni. Mainjini akalewo ankapanikiza kwambiri mpweya ndi petulo mu silinda moto usanayake. Ya Chevelle ija inkapanikiza 11.25 kwa 1. Kuti petulo asaphulike yekha nthawi isanakwane, ankathiramo mtovu. Mtovu ndi poizoni umene umawononga ubongo wa ana, ndipo umaphanso chipangizo chosefa utsi, catalytic converter, chimene chinayamba kuikidwa m'magalimoto ambiri mu 1975. Mtovu ukachoka, kupanikiza kuyenera kutsika. General Motors inatsitsa kufika pafupifupi 8.5 kwa 1 mu 1971, mphamvu n'kutsika nayo. Kenaka mu October 1973 mayiko a Aluya anasiya kugulitsa mafuta ku America, anthu n'kumakhala pa mizere m'mafilingi siteshoni, ndipo mu 1974 boma linalamula kuti pasapezeke wothamanga kuposa mamailosi 55 pa ola, amene ndi makilomita 89. Chaka chimenecho GTO, Challenger ndi Barracuda zinasiya kupangidwa, ndipo Mustang ya ku America inatuluka yopanda injini ya masilinda 8 n'komwe.

Okonda zakale ambiri amadandaula kuti malamulo anapha chinthu chokongola. Ine sindigwirizana nawo pamenepa. Ubongo wa mwana wa m'mphepete mwa msewu ndi wofunika kuposa kulira kwa injini iliyonse, ndipo ngakhale ife kuno kum'mwera kwa Sahara tinasiya petulo wa mtovu kumayambiriro kwa 2006 pa chifukwa chomwecho.

Tsopano tifike pa manambala. Munthu akakuuzani kuti Hemi inali ndi 425 horsepower ndipo galimoto yakutiyakuti ya lero ili ndi 400, musafulumire kuchotsera n'kulengeza wopambana. Funsani kaye kuti anayeza bwanji. Mpaka 1971 makampani a ku America ankayeza injini ili pa benchi, itavulidwa zonse zimene zimadya mphamvu: yopanda sefa ya mpweya, yopanda ekizozi imene galimoto imayendera pa msewu, yopanda olutaneta yokoka, ndipo moto ndi mafuta zitachunidwa mwapadera kuti zipereke nambala yaikulu. Injini yotero palibe amene anaiyendetsapo pa msewu. Kuyambira 1972 anayamba kuyeza injini itavala zonse, monga mmene ilili pansi pa boneti. Mwayi wathu ndi woti mu 1971 Chrysler, kampani imene inkapanga Dodge ndi Plymouth, inalemba manambala onse awiri a Hemi imodzimodziyo: 425 pa muyeso wakale, 350 pa muyeso watsopano. Mwaona? Mahosipawa 75 anasowa popanda wina kukhudza bawuti ngakhale imodzi. Nambala ya lero iliyonse ili pa muyeso watsopanowo. Choncho amene akuika 425 ya 1970 pambali pa 480 ya Mustang GT ya 2024 n'kunena kuti zasiyana pang'ono, akuyerekeza zinthu zosayezedwa ndi sikelo imodzi. Kusiyana kwenikweni ndi 350 ndi 480.

Okonda zakale ali ndi yankho, ndipo si lopanda nzeru. Amati makampani ena ankalemba dala nambala yotsika pofuna kuzemba a inshuwalansi, ndipo amatchula injini ya Ford ya 428 Cobra Jet imene inalembedwa 335 pamene ambiri amakhulupirira kuti inkaposa pamenepo. Tiyeni tivomere. Koma zikutanthauza kuti manambala a nthawi imeneyo ankakokedwa mbali zonse ziwiri ndi anthu amalonda, ena kukweza, ena kutsitsa. Ngakhale zoyesa za m'magazini zinali ndi zawo. Mu March 1964 magazini ya Car and Driver inalemba kuti GTO yafika mamailosi 60 pa ola m'masekondi 4.6, liwiro limene linadabwitsa dziko lonse ndi kuthandiza malonda. Patapita zaka zambiri Jim Wangers, amene ankatsatsa malonda a Pontiac, anaulula kuti galimoto imene atolankhaniwo anapatsidwa inali ndi injini yaikulupo, ya malita 6.9, yochunidwa mwapadera. Mbiri ya GTO inamangidwa, mwa zina, pa galimoto imene wogula sakanaipeza m'sitolo.

Amakono anabwera pang'onopang'ono, mainjiniya ataphunzira kupeza mphamvu popanda kuipitsa mpweya. Mustang ya 2005 inatenga nkhope ya Mustang ya m'ma 1960. Challenger inabwerera mu 2008, Camaro mu 2010. Kenaka mu 2015 Dodge inatulutsa Challenger Hellcat ya malita 6.2 ndi 707 horsepower, kuwirikiza kawiri Hemi yakale pa muyeso woona. Wogula ankapatsidwa makiyi awiri: yofiira yotsegula mphamvu zonse, ndi yakuda yolekeza pa 500, yoti apatse munthu amene samudalira kwenikweni. Mu 2018 kunabwera Demon ya 840, imene inamaliza mamita 402 aja m'masekondi 9.65, matayala a kutsogolo atanyamuka pansi ponyamuka. Ya 2023, Demon 170, inafika 1,025 horsepower ndi masekondi 8.91. Musaganize kuti ndasankha zoopsa zokhazokha. Mustang GT imene aliyense angalowe m'sitolo n'kugula imamaliza mtundawo m'masekondi 12 ndi pang'ono, ndipo yaing'ono mwa zonse, ya masilinda 4 ndi malita 2.3, ili ndi 315 horsepower. Pa liwiro mlandu watha, amakono apambana.

Funso loyenera inu ndi lakuti, mphamvu imeneyi yachokera kuti pamene injini zacheperako? Tiyeni tiime pafupi ndi Dodge Charger ya 1969 m'mawa wozizira. Mwini wake asanatembenuze kiyi amaponda moto kamodzi kapena kawiri kuti petulo atsikire m'khosi mwa injini ndi kuti choko itseke mpweya. Atembenuza kiyi. Injini ikhosomola, ilira, mwina izimanso. Akaponda mopitirira, mapulagi anyowa, ayenera kudikira aume. Ikalira, aisiya itenthe kaye, fungo la petulo wosapsa litadzaza bwalo lonse. Chimene chikuchita zonsezi ndi kabuleta. Mpweya ukamadutsa pa khosi lake lopapatiza umathamanga, ndipo pothamangapo umayamwa petulo kudzera pa kabowo kakang'ono kotchedwa jeti. Kuti petulo apse bwino pafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Kabuleta imafika pafupi ndi muyeso umenewo monga mmene mayi wodziwa kuphika amathirira mchere m'ndiwo ndi dzanja: kawirikawiri zimakoma, koma sizifanana tsiku ndi tsiku. Kukazizira, zasintha. Mukakwera nayo ku Denver, mzinda umene uli mamita 1,600 pamwamba pa nyanja, kumene mpweya ndi wopepuka, zasinthanso. Masilinda apafupi ndi kabuleta amamwa kwambiri, akutali amamwa pang'ono. Moto nawo unkadalira mapointi, tizitsulo tiwiri tomenyana timene tinkaperepeseka n'kumafuna kuchunidwa kawirikawiri.

M'galimoto yamakono silinda iliyonse ili ndi injekita yakeyake. Sensa ina ikuyeza mpweya umene ukulowa, ina kutentha kwa madzi, ina ili mu ekizozi kuyeza okosijeni wotsala, ina yamatidwa pa thupi la injini kumvetsera ngati petulo wayamba kuphulika nthawi isanakwane. Kompyuta imawerenga zonsezi n'kusintha mafuta ndi moto kambirimbiri pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake injini ya malita 5 ya Mustang ya lero imapanikiza 12 kwa 1, kuposa Chevelle ija, pa petulo wopanda mtovu. Hellcat inawonjezera supercharger, pampu yoyendetsedwa ndi lamba imene imakankhira mpweya m'masilinda mokakamiza, ndipo mpweya ukachuluka, petulo wopsa amachulukanso. Zotsatira zake zafika ndi ku thumba. Zikuluzikulu za 1970 zinkayenda makilomita 4 kapena 5 pa lita. Mustang GT ya lero pa msewu waukulu imafika pafupifupi 10, ndipo bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, limati galimoto yatsopano imatulutsa utsi woipa wochepa ndi pafupifupi 99 peresenti poyerekeza ndi ya 1970.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine si kuthamanga, ndi kuima. Mukukumbuka tinaphunzira kuti mphamvu ya chinthu choyenda ndi theka la kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro lochulukitsidwa ndi lokha. Galimoto yothamanga makilomita 160 pa ola ili ndi mphamvu yowirikiza kanayi ya imene ikuthamanga 80, ndipo kuti iime mabuleki ayenera kusandutsa mphamvu yonseyo kukhala kutentha. GTO ya 1964 inalandira injini yaikulu, koma mabuleki anatsala omwe aja a Tempest, a dilamu, a mainchesi 9.5. Dilamu imatsekera kutentha m'kati. Mukaponda mwamphamvu kawiri katatu motsatizana imatentha, imafufuma, mashuzi sagwiranso bwino, phazi limangolowa pansi galimoto ikupitabe. Matayala anali opyapyala, a nsalu zopingasana, osagwira msewu ngati a lero. Kumbuyo kunali ekiselo imodzi yolimba, tayala lina likagunda bampu linzake limanjenjemera nalo. Hellcat ili ndi madisiki a kutsogolo a masentimita 39, ali poyera kuti mphepo iziwaziziritsa, pamodzi ndi ABS yoletsa matayala kukakamira poima, ndi kompyuta imene imagwira tayala limodzi palokha galimoto ikayamba kutsetsereka. Imalemera pafupifupi matani awiri, kuposa yakale, ndipo okonda zakale amaiseka kuti yanenepa. Gawo lina la kulemerako ndi zitsulo zoteteza amene ali m'kati.

Pali chikhulupiriro, ngakhale kwathu kuno, chakuti galimoto yakale inali yachitsulo chenicheni, yamakono ndi chitini. Mu 2009 bungwe la IIHS, limene makampani a inshuwalansi ku America analikhazikitsa kuti lizifufuza za ngozi, linawombanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009, iliyonse ikuthamanga makilomita 64 pa ola. Bel Air si muscle car, koma kamangidwe kake n'kofanana ndi ka nthawi imeneyo. Malo okhala dalaivala anapindikira m'kati, chiwongolero n'kumenya chidole chimene chinaikidwa pa mpando. Malibu inaphwanyika kutsogolo monga anaipangira, chipinda cha anthu n'kutsala bwinobwino. Galimoto yamakono imaphwanyika dala kuti mphamvu ya ngozi ithere m'chitsulo isanafike pa chifuwa cha munthu. Malamba anakhala okakamiza kuikidwa m'magalimoto atsopano ku America mu 1968 mokha, ndipo m'zaka zimene muscle car inali pachimake dzikolo linkataya anthu oposa 50,000 chaka chilichonse pa msewu. Ambiri anali achinyamata a msinkhu wanu. Wina akamasimba za kukoma kwa nthawi imeneyo, aziwerengeranso maliro amenewo.

Nanga ngati amakono apambana pa liwiro, pa mafuta, pa utsi ndi pa chitetezo, madoda a imvi aja akuumirira chiyani? Musawapeputse. Zina zimene akunena sizikwera pa sikelo koma n'zoona. Galimoto yakale ulendo wa makilomita 80 pa ola umaumva m'thupi lonse: chiwongolero chikugwedera m'manja, kilatchi ikulemera ku phazi, giya ikufuna mkono, boneti ikunjenjemera patsogolo pako. Yamakono pa liwiro lomwelo ili phee, ndipo kuti uimve mphamvu yake uyenera kufika pa liwiro limene lamulo silikulola. Kulira kwake nakonso kuli ndi chifukwa. Mu injini ya V8, ya masilinda 8 ija, ya ku America masilinda amayaka motsatana bwinobwino, koma mbali iliyonse ya ekizozi imalandira utsi mosalingana nthawi, ndipo n'zimene zimapereka kugunda kwakuya kuja. Akale, okhala ndi kamushafuti yaukali ndi ekizozi yosatsekereza kwambiri, amagunda modukizadukiza akaima, ndipo munthu amene anakula akumva zimenezo sangaziiwale. Maonekedwe nawo, opanga amakono avomereza okha potengera nkhope za 1969 ndi 1970.

Koma mfundo yawo yolemera kwambiri, imene ine ndimaima nawo, ndi ija ndinati muichonge. Mu 1968 banja lapakatikati ku America linkapeza madola pafupifupi 7,700 pa chaka, ndipo Road Runner inkadya malipiro a miyezi yosakwana isanu. Mu 2015 banja lotero linkapeza pafupifupi 56,500, pamene Hellcat inali pa madola pafupifupi 60,000, kuposa malipiro a chaka chonse. Mustang GT ya chaka chimenecho, pa madola pafupifupi 33,000, inali ya miyezi isanu ndi iwiri. Kuwonjezera apo, mnyamata wa 1968 akagula galimoto yake ankaikonza yekha. Ukatsegula boneti, chilichonse chinkaoneka ndipo dzanja linkafikapo. Ndi masipanala, sikuludilaiva ndi khutu lakuthwa, ankachuna kabuleta Loweruka m'mawa, bambo ake ataima pambali kumulangiza. Tsegulani boneti ya yamakono, mupeza chivundikiro cha pulasitiki ndi mawaya. Kuyambira 1996 galimoto iliyonse yogulitsidwa ku America ili ndi polumikizira kompyuta yofufuzira matenda, ndipo popanda kompyutayo ngakhale makaniko wodziwa amangoyerekeza. Nkhaniyi inafika mpaka pa voti: mu 2012 anthu a m'chigawo cha Massachusetts anavomereza lamulo lokakamiza makampani kupereka kwa magalaja ang'onoang'ono chidziwitso chokonzera magalimoto awo. Zimenezi amakaniko athu akuzidziwa bwino, chifukwa magalimoto ochokera ku Japan amene adzaza misewu yathu nawonso amafuna kuikidwa pa kompyuta. Amene mukufuna ntchito imeneyi, sipanala yokha sikukwaniraninso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti akalewo lero si a munthu wamba ayi. Plymouth Hemi Cuda ya 1971 yotsegula denga, imene inapangidwa yosaposa 12, inagulidwa madola 3.5 miliyoni pa okushoni mu 2014. Mustang yobiriwira imene Steve McQueen anayendetsa m'misewu ya San Francisco mu filimu ya Bullitt ya 1968 inagulidwa madola 3.74 miliyoni mu January 2020. Ogula otere amafufuza ngati nambala ya pa injini ikugwirizana ndi ya pa chasisi, ndipo ambiri sayerekeza kuiyendetsa pa mvula. Muonenso kuti pokangana anthu amatchula zosowa zimenezi ngati kuti ndizo zinadzaza misewu. Hemi inali yodula ndipo ochepa anaigula. Mustang yoyamba yotsika mtengo inali ya masilinda 6 ndi 101 horsepower. Magalimoto ofooka ndi odya dzimbiri anapita kale ku zitsulo zakutha, otsala ndi amene anasamalidwa, ndipo munthu akaona otsalawo amaganiza kuti onse anali otero.

Pali gulu lachitatu limene lapeza njira yakeyake. Amatenga thupi la Camaro ya 1969 n'kuikamo injini yamakono ya mainjekita, mabuleki a disiki ndi matayala a lero. Osunga zakale amati kumeneko n'kuwononga mbiri. Ine ndimati ngati galimotoyo izikayenda pa msewu pamene pali anthu ena, mabuleki abwino si nkhani yokambirana.

Amakono nawo nthawi yawo ikutha. Plymouth inatsekedwa mu 2001, Pontiac mu 2010. Mu December 2023 Challenger ndi Charger za V8 zinapangidwa komaliza ku Brampton m'dziko la Canada, ndipo Camaro inaima mwezi womwewo. Charger Daytona imene inatuluka mu 2024 ndi yamagetsi, yofika 670 horsepower, ndipo anaiikira chipangizo chotulutsa phokoso lofanizira injini. Anthu amene dzulo ankateteza Hellcat kwa madoda a imvi, lero ndi amene akunena kuti yamagetsiyi ilibe moyo. Mwa mayina akale aja, Mustang ndiyo yapitirira osadukizapo kuyambira 1964, ndipo kuyambira 2015 Ford imapanganso ya chiwongolero cha kumanja, yogulitsidwa ku Britain, Australia ndi South Africa. Amene muli ndi abale ku Johannesburg, imeneyo ndi imene angakhale ataiona pa msewu. Akalewo amasonkhanabe pa Woodward Avenue mwezi wa August chaka ndi chaka, pa chionetsero chimene chinayamba mu 1995.

Chigamulo changa ndi ichi. Monga makina, yamakono ndi galimoto yabwino kuposa yakale pa chilichonse chimene tingayeze, ndipo mwana wanga ndingamulole kukwera yamakonoyo. Okonda zakale alakwitsa pa manambala, koma akulira chinthu chenicheni: galimoto yamphamvu imene wantchito wachinyamata akanaigula ndi malipiro ake n'kuikonza ndi manja ake. Imeneyo palibe kampani imene ikuipanga lero.

Ntchito ya kunyumba, lembani. Pezani mahosipawa pa lita imodzi a mainjini atatu awa: Hemi ya 1971, 350 pa malita 7; Hellcat ya 2015, 707 pa malita 6.2; ndi Mustang yaing'ono ya 2024, 315 pa malita 2.3. Mukapeza imene yapambana, mufotokoze m'mawu anu chifukwa chake, pogwiritsa ntchito zimene tanena za mpweya, kupanikiza ndi kabuleta. Makope onse akhale pa tebulo langa Lolemba m'mawa.